Mbali Yofiira ya Holo

Pasukulu ina yaukachenjede, kunja pang'ono kwa tawuni ya Mangochi, aphunzitsi saopa mkulu wa sukulu ngati mmene amaopera Hidaya Abiti Swadick. Si kuti ndi wankhanza, ayi. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu, amene amafika pantchito pa njinga yamoto, hijabu itapanikizidwa pansi pa chipewa cholimba chija, n'kupereka moni kwa aliyense kuyambira pageti. Chimene anthu amamuopera ndi zithunzi zake.

Nkhani yake ili chonchi. Semesita ikamatha, ophunzira amalemba ndemanga za momwe mphunzitsi aliyense wawaphunzitsira, osalembapo dzina. Hidaya asanabwere, mapepala amenewa ankamangidwa ndi chingwe n'kuponyedwa m'kabati, ndipo pasukulu ponsepo wowerenga ndemanga mokhulupirika anali chiswe basi. Iye atalembedwa ntchito mu ofesi yoona za kaphunzitsidwe, anakana kupikisana ndi chiswe. Anayamba kulowetsa ndemangazo mu kompyuta ndi kuzisandutsa zithunzi zoti ngakhale munthu waulesi akangoponyapo diso, amve nkhani yonse.

Diso la mitundu analitenga kwa bambo ake. Che Swadick anali telala wa pakhonde la sitolo kwa Mponda, ndipo Hidaya ali wamng'ono ntchito yake inali kutola tizidutswa ta nsalu pansi pa makina ndi kutisankha: tofiira m'thumba lake, tobiriwira m'thumba lake. Mayi ake, a ku Makanjira, ankadandaula kuti mwanayo akula ndi ulusi kumutu. Koma sukulu inamukonda, nayenso anaikonda, mpaka anakaphunzira za makompyuta ku Blantyre. Anzake ambiri atatsalira komweko, iye anabwerera, akuti kuzizira kwa kumtunda kumamuumitsa lilime.

Choncho pantchito pake amasankhabe tizidutswa. Ndemanga yodandaula amaipaka kufiira, yoyamikira kubiriwira, ya pakatikati chikasu. Ali ndi china chimene amachitcha mtambo wa mawu: mawu amene ophunzira awabwereza kwambiri amatuluka aakulu pachithunzi, osabwerezedwa amakhala ting'onoting'ono. Mphunzitsi wina amene ankakana kwamtuwagalu kuti sachedwa m'kalasi anaona mawu akuti KUCHEDWA atadzaza khoma lonse la chipinda cha misonkhano. Sabata yotsatira anagula wotchi.

Ndemangazo Hidaya sazisiyira makina okha. Amawerenga imodziimodzi, za Chingerezi, za Chichewa, ngakhale za Chiyao, chifukwa ana a kuno amawadziwa. Mwana wa kuno sayamba ndi kudandaula pamaso pa wamkulu, ngakhale papepala lopanda dzina. Amayamba wathokoza, n'kupempherera mphunzitsiyo moyo wautali, kenako kumapeto kwenikweni, m'timalemba tating'ono, ndiye n'kulavula zakukhosi. Kompyuta ikaona madalitso aja imapaka zonse kubiriwira. Hidaya amaseka, n'kukonza. Ntchito yake amaidziwa, ndipo sabisa kuti amaidziwa.

Ndiye panabwera nkhani ya a Blackson.

A Blackson anali mphunzitsi wa masamu, kwawo ku Ntcheu, munthu wa imvi amene ankavala tayi ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anali atatsala pang'ono kupuma pantchito. Ankalankhula pang'ono, ndipo pamisonkhano ankakonda mpando wa kukhoma. Ena ankati ndi onyada, ena ankati ndi aulemu chabe.

Semesita imeneyo chithunzi chawo chinatuluka chodabwitsa: theka kufiira, theka kubiriwira, chikasu pafupifupi palibe. Hidaya anadziwa kuti kalasi ikagawanika chonchi pamakhala chifukwa. Anayesa kugawa ndemangazo potengera chaka cha ophunzira, sizinaonetse kanthu. Atazigawa pakati pa amuna ndi akazi, chithunzi chinang'ambika pakati ngati nsalu. Amuna anali obiriwira. Akazi anali psuu.

Anawerenga zimene atsikanawo analemba. "Mulungu awadalitse, amadziwa masamu, koma tikafunsa satiyankha." Wina anati, "Ukafunsa amangopitiriza kulankhula ngati palibe munthu." Winanso anati, "Mnyamata akafunsa funso lomwelo amayankhidwa ndi nsangala. Ife tinaleka kufunsa."

Hidaya anapsa mtima, ndipo sanafune kuuziziritsa. Nayenso anakhalapo mtsikana wa pabenchi yakumbuyo, akudziwa yankho koma mphunzitsi akuloza anyamata okhaokha. Anasindikiza chithunzicho, n'kupita nacho molunjika kwa mkulu wa sukulu, Mayi Agatha.

Mayi Agatha anachiyang'ana nthawi yaitali. "Abiti Swadick, mukutsimikiza?"

"Mayi, sindinapeke ine. Alemba okha anawa. Ine ndangopaka mitundu."

"Ngati zili choncho, nkhaniyi ndi ya komiti ya mwambo. Munthu wonyoza ophunzira aakazi sitingamusunge pano, kaya watsala pang'ono kupuma kaya ayi. Mudzaonetsa chithunzichi komiti ikakumana sabata yamawa."

Hidaya anatuluka mutu uli m'mwamba. Koma pokonzekera msonkhanowo, atakulitsa chithunzi chija pa kompyuta, kanthu kena kanamusautsa. Pakati pa kubiriwira kwa amuna panali timadontho tofiira tochepa. Tsiku loyamba anatinyalanyaza, poti palibe mphunzitsi wokondedwa ndi onse. Tsopano anatsegula timadontho timeneto ndi kuwerenga. Anyamatawo analemba mawu omwe aja a atsikana: satiyankha. Nanga munthu wodana ndi akazi angalekerenji kuyankha anyamata ochepa okhawa? Bambo ake sankadula nsalu pongomva muyeso wa m'kamwa mwa mthenga. Ankafuna mwini thupi abwere amuyeze yekha. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Hidaya anatseka kompyuta, n'kupita kukakhala m'kalasi mwa a Blackson.

Holo imene amaphunzitsiramo ndi yaikulu, khomo lili mbali imodzi, mawindo mbali inayo. Hidaya anali atalowamo kambirimbiri, koma tsiku limeneli ndi pamene anaona chinthu chimene munthu wobadwira kuno sachiona chifukwa chochizolowera. Palibe lamulo la sukulu lonena za pokhala, komabe atsikana onse anapita mbali ya mawindo, anyamata mbali ya khomo. Ndi mmene anakulira: kumadarasa, kuukwati, kumaliro, akazi kwawo, amuna kwawo. Ngakhale atsikana achikhristu ochokera m'maboma ena ankangotsata anzawo. Iye mwini, osaganiza n'komwe, anapezeka atakhala mbali ya mawindo. Anyamata ochepa ofika mochedwa, atasowa malo kwa amuna anzawo, anadzakhala kumbuyo kwake mwamanyazi.

A Blackson anaima patsogolo, nkhope kuyang'ana ophunzira, akazi ali kudzanja lawo lamanzere. Kuphunzitsa ankatha, izi Hidaya anavomereza. Phunziro lili mkati, mtsikana wina wotchedwa Ajira, amene anakhala pafupi naye, anatukula dzanja pang'ono chabe, maso ali pansi, monga mwana wolangizidwa bwino amachitira polankhula ndi wamkulu.

"Pepani aphunzitsi, pamzere wachiwiripo sindinamvetse."

A Blackson anapitiriza kulankhula. Ajira anatsitsa dzanja, n'kuyang'ana Hidaya ndi maso akuti mwaona nokha. Posakhalitsa mnyamata wina wa kukhomo anakuwa funso lofanana nalo, ndipo bambowo anatembenuka msangamsanga, akumwetulira, n'kubwereza mzerewo modekha. Mtima wa Hidaya unayambanso kuwira.

Kenako botolo lachitsulo la madzi linagwa padesiki ya pawindo, n'kugubuduka pansi ndi phokoso lalikulu. Kalasi yonse inacheukira kumawindo. A Blackson okha anacheukira kukhomo, akufunafuna chimene chagwa.

Hidaya anawayang'ananso bwinobwino bambowo, mmene maso awo anazolowerera kupita kumene mawu amawafikira, ndipo anakumbukira mpando wa kukhoma uja wa pamisonkhano, khoma lili kumanzere nthawi zonse. Anamva manyazi, manyazi enieni otentha kumaso, chifukwa chithunzi chimene chimati chichotse munthu ntchito anachijambula ndi iye.

Koma Abiti Swadick si munthu wokhalira manyazi. Kalasi itatha anawatsatira ku ofesi kwawo, n'kukoka mpando kuuika kudzanja lawo lamanja.

"Bambo, ndabwera ndi nkhani yovuta. Khutu lakumanzerelo linasiya liti kumva?"

A Blackson anaika choko patebulo pang'onopang'ono. "Wakuuzani ndani, mwanangu?"

"Palibe. Botolo lija litagwa, inu nokha munayang'ana kukhomo."

A Blackson anakonza tayi imene inali yokonzeka kale. Kenako anafotokoza kuti zinayamba atadwala malungo aakulu zaka zingapo zapitazo. Atachira, khutulo silinabwerere. Mkazi wawo yekha ndiye ankadziwa.

"Mphunzitsi wosamva ndi wa ntchito yanji?" anatero. "Akadziwa adzati bamboyu watha, apite kumudzi. Ndatsala pang'ono, mwanangu. Ndisiyeni ndimalize ndi ulemu wanga. Bola azinena kuti ndine wonyada."

"Sakunena kuti ndinu onyada, bambo." Hidaya anatulutsa chithunzi chija n'kuchiyala patebulo. "Akunena kuti mumanyoza ana aakazi. Komiti ikukumana sabata yamawa. Ndipo amene anapititsa nkhaniyi ndine, musafunefune wina."

Bambowo anawerenga ndemangazo imodziimodzi, chala chikutsata mizere. Atafika pa ija yakuti ife tinaleka kufunsa, anavula magalasi.

"Ine ndili ndi ana aakazi okhaokha," anatero motsitsa. "Ndimaganiza kuti atsikana a kuno safunsa chifukwa cha ulemu. Ndimadandaula mumtima kuti bwanji ali zii."

"Amafunsa, bambo. Amafunsa mwaulemu womwewo, maso pansi, mawu pansi, ndipo onse amakhala mbali ya khutu lakufalo."

"Musakanene ku komiti. Ndikukupemphani."

Hidaya anawayang'ana m'maso. "Khutu ndi lanu, sindikalitchula. Koma chithunzi ndi changa, ndipo sindikaimika pakhoma chithunzi chodulidwa molakwika. Ndikajambula china. Chikaonetsa zimene chikaonetse. Zotsalazo mukaona nokha."

Mawa lake anatenga pepala lalikulu, n'kujambulapo holo yonse: khomo, mawindo, tebulo la mphunzitsi, mizere ya madesiki. Anapempha ophunzira a kalasi ija kuti aliyense amate kadontho pamalo pamene amakonda kukhala, kobiriwira ngati akafunsa amayankhidwa, kofiira ngati sayankhidwa. Iye anatuluka panja kuti asaone womata. Atabwerera anapeza zimene ankayembekeza, ndipo zinaoneka bwino kuposa mmene ankaganizira.

Komiti inakumana m'chipinda chotentha, fani ikungozunguza mpweya womwewo. Panali Mayi Agatha, aphunzitsi akuluakulu angapo, ndi a Dyson, wachiwiri kwa mkulu wa sukulu, munthu amene amakonda nkhani yothera pomwepo kuti akapeze chakudya chisanazizire. A Blackson anakhala pampando wawo wa kukhoma, tayi ili pakhosi.

Hidaya anayatsa pulojekita, n'kuonetsa chithunzi choyamba chija.

"Ichi, Mayi Agatha, munachiona kale," anatero. "Ndinajambula ndine. Mulibe bodza m'menemu: atsikana sayankhidwa, ndipo madandaulo awo ndi oona. Koma ndinadula nsalu potsata mzere wolakwika. Ndinathamanga, chifukwa nkhani yake inandikhudza. Taonani ichi."

Pakhoma panaoneka holo. Mbali ya khomo inali yobiriwira kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Mbali ya mawindo inali yofiira yonse, ndipo kufiirako kunkakula ukamayandikira mawindo. Atsikana ochepa okhala pafupi ndi kanjira ka pakati anali obiriwira.

"Kumbuyo uku," Hidaya analoza ndi ndodo, "kumakhala anyamata ofika mochedwa. Nawonso ndi ofiira. Ndiye vuto silili pa kukhala mkazi. Vuto lili pa kukhala kumanzere kwa aphunzitsi. Kungoti kwathu kuno akazi amakhala pamodzi, ndipo m'holo muja anasankha mbali imeneyo."

A Dyson anakanda pamutu. "Tsono kumanzereko kuli chiyani? Dzuwa? Fani? Tiuzeni, Abiti Swadick, inu ndi amene mumadziwa zonse."

"Ine ndimajambula zimene ophunzira anena, bwana. Zimene sananene sindijambula."

"Ndiye tiweruza bwanji? Munthu angathe kudana ndi mbali ya chipinda?"

Hidaya anaika ndodo pansi n'kukhala, manja pamiyendo. Mumtima anali ndi nkhawa, chifukwa ankadziwa kuti akapanda kulankhula mwini nkhani, komiti ibwerera ku chithunzi choyamba, chosavuta kumva chija. Koma anali atalonjeza, ndipo pakamwa pake panakhala potseka. Sanawayang'ane n'komwe a Blackson.

Mpando wa kukhoma unalira. Bambowo anaimirira, n'kuyenda mpaka pakati pa chipinda, pamene aliyense akanawaona.

"Mayi wapampando," anatero, "kumanzereko kuli khutu langa. Linafa kalekale, ine n'kubisa. Ndinkaopa kuti mundiuza kuti ndatha. Sindinadziwe kuti pobisapo ndikutsekera ana a eni ake pakhomo. Ngati pali mlandu, ndi umenewo. Koma kunyoza mwana wamkazi, ayi. Chimenecho musandilembere."

Mayi Agatha anatseka faelo imene inali patsogolo pawo.

"Bambo Blackson, mlandu umene tinakuitanirani palibe. Mupite kuchipatala akaone khutulo, mwina pali thandizo. Ntchito yanu ilipo mpaka tsiku lanu lopuma. Koma ana aja akhala akudziona ngati opanda pake m'kalasi mwanu. Sindikufuna akamve kwa ine kapena kwa Abiti Swadick."

"Akamva kwa ine," anatero a Blackson.

Tsiku la kalasi yotsatira Hidaya anapitanso, n'kukhala malo omwe aja pafupi ndi Ajira. A Blackson analowa opanda buku. Anakoka tebulo lawo okha, miyendo yake ikukwekwesa simenti, mpaka kumawindo, n'kuima chammbali kuti khutu lamanja liloze kalasi. Kenako anasintha maganizo, n'kuyenda kudzaima pakati pa madesiki a atsikana, pamene sanaimepo chiyambire.

Anawauza zonse mosazungulira, ngati akufotokoza samu. Anati khutu lakumanzere silimva, anati anabisa chifukwa cha mantha, anati wolakwa ndi iwo, osati ofunsa. Anyamata ena anayamba kuseka pang'ono, koma ataona nkhope za alongo awo analeka.

"Ndili ndi pempho," anatero bambowo. "Ndikudziwa kuti munaleredwa kuti polankhula ndi wamkulu muziyang'ana pansi. Ndi mwambo wabwino, musautaye. Koma m'kalasi muno mokha, ndiyang'aneni kumaso ndipo mukweze mawu. Sindidzati ndi mwano. Tsopano, aliyense amene anafunsapo ine osamuyankha, afunse lero."

Poyamba palibe anagwedezeka. Ajira anayang'ana Hidaya, ndipo Hidaya anamugunda ndi chigongono. Mtsikanayo anadzutsa mutu, anawayang'ana a Blackson m'maso, n'kutukula dzanja mpaka m'mwamba.

"Aphunzitsi," anatero ndi mawu amene anamudzidzimutsa ngakhale mwini wake, "pamzere wachiwiri paja sindinamvetse."

"Pati, mwanangu? Tiye nazo."

Asanamalize kumuyankha, manja ena anali atadzuka kale, kutsogolo, pakati, mpaka kwa anyamata ochedwa aja kumbuyo. Atsikana ankatsegula makope awo kubwerera kumasamba a kumayambiriro kwa semesita, kumene mafunso awo anatsalira. Belu linalira, ophunzira a kalasi ina anaunjikana pakhomo kudikira holo, koma mbali ya mawindo panalibe anaimirira, ndipo a Blackson anali akuyendabe desiki ndi desiki, ataweramitsa khutu lamanja.